Makina a spot welding a m'manja: abwino pa chitsulo chofewa, aluminiyamu ayi

Nyenyezi zinayi mwa zisanu. Spot welding ndi kuwotcherera zigamba ziwiri za chitsulo pa kadontho kamodzi: makina amazipanikiza pakati pa nsonga ziwiri za mkuwa n'kudutsitsapo magetsi. Makinawa ndi a 230V, ndipo pabokosi analemba kuti amalumikiza zitsulo mpaka 2 mm + 2 mm, kutanthauza zigamba ziwiri zokhuthala 2 mm chilichonse. Nzoona, koma pa chitsulo chofewa chokha (chitsulo wamba cha kaboni wochepa), chopalidwa bwino, chopanda penti kapena dzimbiri. Akanalemba zimenezi poyera.

Kutentha kumabwera chifukwa chitsulo chimakana magetsi kudutsa, ndiye chitsulo chokana kwambiri ndicho chimawotcherereka msanga. Chitsulo chofewa chili pabwino. Pa zigamba ziwiri za 1 mm, kadontho kowotcherako kayenera kukula pafupifupi 5 mm. Muziyesa kaye pa tizidutswa: gwirani kamodzi pa vayisi, kanzake mukasende ndi pulayala. Ngati chigamba chang'ambika n'kusiya kabatani pa chinzake, zagwira. Zikangolekana bwinobwino, onjezani nthawi pang'ono. Madontho atalikirane 20 mm kapena kuposa, apo ayi magetsi amathawira pa dontho lakale, latsopano n'kufooka.

Chitsulo chosachita dzimbiri chimakana magetsi kuposa chofewa, choncho chepetsani mphamvu ya magetsi ndi nthawi, koma panikizani kwambiri. Mukapanikiza mofooka, chimathetheka n'kusiya chibowo.

Malata ndiwo amatopetsa. Zinki yokutira pamwamba imasungunuka pa 420°C, chitsulo chisanatenthe n'komwe, n'kufalikira pomwe nsonga zagwira, kotero magetsi amamwazikana ndipo pamafunika ochulukirapo. Choipa kwambiri, zinkiyo imasakanikirana ndi mkuwa wa nsonga. Nsonga zimayamba kuoneka zachikasu, kumata pamalata, kenako kuphwatalala ngati bowa. Muzizikonza ndi tupa pafupipafupi kuti zibwerere pa kukula kwake, ndipo gulanitu zina zapadera chifukwa m'bokosi muli ziwiri zokha. Utsi woyera wa zinki umadwalitsa, musawotcherere malata m'chipinda chotseka.

Aluminiyamu musavutike naye. Amadutsitsa magetsi ndi kutentha mosavuta, moti amafuna magetsi owirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi chitsulo, zomwe makinawa sangafikepo. Komanso iye amasungunuka pa 660°C pamene kakhungu kake kapamwamba kamapirira kupitirira 2,000°C. Ngakhale mutapala ndi sandipepa, chomwe mupeze ndi zipsera ndi nsonga zoipitsidwa. Mkuwa nawonso chimodzimodzi: umafuna nsonga za tungsten kapena molybdenum, zitsulo zopirira kutentha kwambiri, chifukwa za mkuwa zimangomatirira pa ntchitoyo.

Chenjerani ndi chitsulo cha kaboni wambiri, monga cha masipuling'i. Dontho limaoneka lokongola, koma limazizira mofulumira n'kuuma gwa, ndipo mukangopinda pang'ono limathyoka. Makina akuluakulu amabwezeranso magetsi ochepa kachiwiri kuti dontholo lifewe, koma awa alibe zimenezo. Alibenso madzi oziziritsa nsonga, choncho pa 2 mm muziwapumitsa mikono yogwira nsonga ikayamba kutentha.