Kamakina ka TENS pa ululu wa mtsempha kwa amene anaikidwa disiki yochita kupanga

Munthu amene anamuchotsa disiki yakutha ya msana (kakhushoni ka pakati pa mafupa a msana) n'kumuikira yachitsulo ndi pulasitiki amatha zaka zambiri ali bwinobwino, kenako tsiku lina mwendo n'kuyambanso kubaya ndi kuwotcha. Madisiki amenewa akhalapo ndithu: bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linavomereza disiki ya Charité mu 2004, ProDisc-L mu 2006, ndi Mobi-C ya m'khosi mu 2013. Chimodzi mwa zipangizo zimene anthu oterewa amayesa ululu ukabuka ndi TENS, kamakina kochepetsa ululu potumiza magetsi ochepa ku mitsempha kudzera pakhungu, ndipo pano tikuunika mtundu wake wotchedwa TENS 7000.

Ndi kamakina kokwana m'dzanja, koyendera batire imodzi ya 9V. Kali ndi mawaya awiri, waya aliyense amadyetsa timapadi tiwiri tomata pakhungu, ndipo mphamvu ya waya aliyense mumaikweza payokha ndi kabatani kopotokola ka pamwamba. Mphamvu ya magetsi ake imafika 100 mA, magetsiwo amagunda maulendo 2 mpaka 150 pa sekondi (Hz), ndipo kutalika kwa kugunda kulikonse ndi mamaikirosekondi 50 mpaka 300. Ubwino wake waukulu ndi umenewu, kuti manambala mumatchera nokha. Timakina tongoonetsa zithunzi za phewa ndi chiuno sitikuuzani zimene tikutulutsa, choncho dokotala wa mafizo akakulemberani manambala mumasowa poalowetsa.

Kagwiridwe kake kamatsamira pa zimene akatswiri a sayansi Melzack ndi Wall analongosola mu 1965: mitsempha ikuluikulu yomvera kukhudza ikatanganidwa, uthenga wa ululu umachepa podutsa mumsana kupita ku ubongo. Ululu ukabuka, yambani ndi 80 mpaka 100 Hz, mamaikirosekondi 100, kwa mphindi 30. Kwezani pang'onopang'ono mpaka kunyerenyesa kumveke kwambiri koma kosapweteka, mnofu usamadumphe. Pakapita mphindi zingapo thupi limazolowera, kunyerenyesa n'kuzirala. Apa m'pamene anthu amataya mtima n'kunena kuti kamakina n'kachabe, chonsecho pangofunika kukweza pang'ono. Njira ina ndi ya 2 mpaka 4 Hz ndi mamaikirosekondi 200, imene imagwedeza mnofu. Mpumulo wake umachedwa kufika koma umakhalitsako, kungoti pa mtsempha wokwiya kale ena amaimva ngati ikuwonjezera moto.

Pomata timapadi ndi pamene pagona nkhani. L5 ndi S1 ndi mitsempha yochokera kumunsi kwa msana. Mtsempha wa L5 umatsika kunja kwa msongolo mpaka ku chala chachikulu cha phazi, wa S1 umadzera kumbuyo kwa katumba mpaka ku kachala kakang'ono. Tiwiri matani mbali iyi ndi iyo ya msana, m'chiuno, osati pafupa penipeni, ndipo tiwiri tinato motsatira njira ya ululu, pathako ndi pantchafu. Pakati pa timapadi pakhale masentimita osachepera atatu. Khungu likhale losamba, louma, lopanda mafuta odzola. Pamalo pamene pachita dzanzi musamatepo, chifukwa simudzamva kuti mphamvu yapitirira ndipo khungu likhoza kupsa. Amene disiki yawo ili m'khosi asamale kwambiri: opaleshoniyo imalowera kutsogolo, chipsera chili pomwepo, ndiye dzanja limathamangira kumata pamenepo. Kutsogolo ndi m'mbali mwa khosi n'koletsedwa, poti magetsi angagwetse kuthamanga kwa magazi kapena kufinya kholingo. Matani kumbuyo, pamwamba pa mapewa ndi pamkono.

Zofooka zilipo. Timapadi timatha msanga: guluu wake akauma, magetsi amaunjikana pamalo amodzi n'kumabaya ngati singano, ndipo ndi chizindikiro choti tisinthidwe. Kudontheza madzi pang'ono n'kutibwezera pa pulasitiki yake kumatalikitsako moyo wake. Mawaya amakola m'zovala, ndiponso kumata wekha kumsana n'kovuta kwa munthu amene sapotoloka bwino. Kachivindikiro ka mabatani kazikhala kotseka nthawi zonse mukamaliza kutchera mphamvu, chifukwa batani likakhudzidwa mwangozi mphamvu imalumpha. Wokhala ndi pacemaker (kachipangizo kothandiza mtima kugunda) kapena kachipangizo kena ka magetsi m'thupi asakagwiritse ntchito, woyembekezera ndi wodwala khunyu afunse kaye dokotala, ndipo za chitsulo cha disiki mumfunse amene anachita opaleshoni. Musayendetse galimoto, kusamba kapena kugona tulo kali koyaka.

Tinenenso mosabisa kuti umboni wa kafukufuku pa TENS ndi wosakanikirana, moti malangizo a 2016 a NICE, bungwe lolangiza za chithandizo cha m'zipatala ku England, amati kamakinaka kasamaperekedwe pa ululu wa m'chiuno, kaya ukutsikira kumwendo kaya ayi. Alipo amene amapeza mpumulo wa ola limodzi kapena awiri, alipo amene samva kusintha. Kuyesa kwa masabata awiri, uku mukulemba mlingo wa ululu musanayatse ndi mutazimitsa, kumakwanira kudziwa mbali yanu.

Chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi. Ululu ukazirala, munthu amanyamula katundu, kuwerama, kukhala pampando maola atatu, mawa lake mwendo n'kuyaka kuposa dzulo. Kamakinaka sikachotsa chimene chikupana mtsempha. Patapita zaka, tinjira ta mitsempha timatha kuchepa chifukwa timfundo ta kumbuyo kwa msana tatha, fupa latsopano lamera mozungulira disiki, chitsulo chamira m'fupa, pulasitiki yaperepeseka, kapena disiki yoyandikana nayo yafooka. Malire a ntchito azichokera pa zimene thupi limapirira kamakina kali kozima. Ngati mwendo umayamba kudandaula mukayenda mphindi 20, yendani 15 n'kupuma, ndipo muziwonjezera pang'ono sabata iliyonse.

Monga chothandizira kupuma madzulo kapena kudutsa masiku oipa, TENS 7000 ndi yoyenera kuyesa. Koma ululu ukamabwera pafupipafupi kapena ukasintha njira, pakufunika X-ray yojambula mutawerama ndi mutapindikira kumbuyo, mwinanso CT kapena MRI. Phazi likayamba kukwekwereza, manja akamagwetsa zinthu, m'mphechepeche mukachita dzanzi, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikavuta kugwira, siyani timapadi mupite kuchipatala nthawi yomweyo.