Nsapato za mvula za m'ma 1950 zovala pamwamba pa gogoda

Izi si jombo zoti mungopisamo phazi n'kunyamuka ayi. Zimavalidwa pamwamba pa nsapato ya gogoda, ndipo chidendene chake ndi champhako kuti gogodayo ikhalemo. Choncho pogula muyeze nsapato imene mukufuna kuiteteza ku madzi, osati phazi lanu.

Zanga ndinagula pa intaneti kwa mayi wina wogulitsa zovala zamakedzana kuno ku Manchester. Ndi zakuda, zamphira, zolekeza m'kakolo, zipi kutsogolo, kukamwa kwake kuli kaubweya. Dzina la kampani linafufutika, koma mayiyo akuti ndi za m'ma 1950, ndipo kapangidwe kake sikakumutsutsa. Zipi pa nsapato zamphira si yachilendo, a kampani ya B.F. Goodrich ku America anayamba kuikapo mu 1923. Koma kaonekedwe aka ndi ka nthawi ya madiresi amene Christian Dior, katswiri wa mafashoni wa ku France, anatchukitsa mu 1947, othina m'chiuno, otambasuka m'munsi, olekeza m'katumba. Diresi lotero simungalivalire magambutsi akudimba. Ndikavala ndi siketi yotambasuka zimakhala bwino zedi, anthu pamalo okwerera basi amachita kufunsa.

Ntchito yake zimagwira. Mvula ya kuno, yowaza tsiku lonse ija, siilowa. Ndikafika ku ofesi ndimangotsegula zipi, nsapato yachikopa n'kutuluka youma gwa.

Vuto lili pa chidendene. Mphakoyo anaiumbira gogoda yonenepa, yosatalika kwambiri. Gogoda yowonda ngati msomali imagwedera m'katimo, ndipo ndikuona kuti ingathe kuboola mphirayo. Ya fulati ndiye musayese n'komwe, chidendene chopanda kanthu chimangopindika. Pansi pake napo panaperepeseka, moti pa matailosi onyowa ndimayenda mwaulemu. Mukazivala nthawi yaitali phazi limachita thukuta, poti mphira sapititsa mpweya.

Komanso mphira wa zaka 70 ndi nkhalamba. Popindikira zala payamba kale timing'alu. Ndimazipukuta, kuikamo mapepala, n'kuzisunga kutali ndi hita ndi dzuwa, chifukwa kutentha kumaumitsa mphira. Wogulitsa mumuuze apinde nsapatoyo ndi kukujambulirani musanalipire.

Ndapereka nyenyezi 4. Zopitira kutchalitchi, ku ukwati kapena ku ofesi, gulani. Zoyendera mtunda wautali tsiku ndi tsiku, sizichedwa kung'ambika.