Scope ya kachisisira: 8x56 kapena zosinthasintha zija?

Anzanga a pa famu kuno ku Limpopo akhala akundifunsa kuti agule scope (galasi lolozera la pa mfuti) iti yosakira nguluwe, ndiye ndiyankhe kamodzi. Nguluwe siilowa m'chimanga dzuwa lili paliwombo. Imadikira kachisisira, ndipo scope imadziwika khalidwe lake nthawi imeneyo.

Yanga yoyamba inali 4-16x40 yotchipa (yosinthasintha mphamvu yokuzira kuyambira 4 mpaka 16, galasi lakutsogolo la mamilimita 40), ya kamtanda kolozera koyaka. Masana inkaonetsa bwino moti ndinkaitama. Tsiku lina ndinabisala pansi pa mtengo wa mfula, chilolezo chili m'thumba, mpaka nguluwe inatulukira chapafupi ndithu. Ndi maso ndinkaiona, koma mu scope munali bii. Nditayatsa kamtanda, ngakhale pa nambala yotsikitsitsa, galasi lonse linafiira psuu, nyama osaonekanso. Ndinatsitsa mfuti, chifukwa kuwombera chinthu chosachiona bwino n'kungovulaza nyama, mwinanso munthu. M'mawa mwake tinapeza mizere ingapo ya chimanga itagwetsedwa. Mvula yoyamba itagwa, scope ija inachitanso nkhungu mkati. Mpaka lero zimandiwawa.

Masamu ake ndi awa: gawani kukula kwa galasi lakutsogolo ndi mphamvu yokuzira. 40 kugawa ndi 16 ndi mamilimita 2.5 okha a kuwala kofika m'diso, pamene pa 8x56 (mphamvu 8 yosasintha, galasi la 56), 56 kugawa ndi 8 ndi 7. Mumdima mwana wa diso amatseguka mpaka cha pa 7, ngakhale kwa ife achikulire amathera cha pa 5.

Pano ndili ndi Schmidt & Bender Klassik 8x56 yopangidwa ku Hungary, imene mtengo wake ndi wotsikirapo kusiyana ndi ya ku Germany. Ilibe zopotokolapotokola, mumangoika diso. Vuto lake ndi m'tchire lowirira, nyama ikakhala pafupi kwambiri mumavutika kuipeza.

Zosinthasintha za Zeiss ndi Swarovski za galasi la 56 zimathetsa vutoli, koma ndalama zake n'zosayamba. Kampani ya Vortex ndimaitamira lonjezo lake lokonza popanda kufunsa lisiti.

Chimene wogulitsa sanandiuze n'chakuti galasi la 56 limafuna maringi aatali omangira scope pa mfuti, apo ayi limagunda mpope wa mfuti. Ndinagula maringi ena, kenako kachikopa kokwezera tsaya, kenakonso zipolopolo zoyesera kuti iziwomba molunjika. Muwerengeretu zimenezo. Komabe mukandifunsa, 8x56 ya galasi labwino, ngakhale yogwiritsidwapo kale, ndi imene ndingagulenso.