UTP, shielded kapena fiber: waya wosaulula nkhani za eni ake ndi uti?

Amwene mafunso oti waya wa foni ndi netiweki wosaulula nkhani ndi uti achuluka, ndingoyankha kamodzi. Nkhani ndi ya crosstalk, kudumpha kwa siginolo kuchoka mu waya wina kulowa mwa woyandikana naye. Amene munagwirako landline mukukumbuka, uli pa foni yako koma ukumva anthu ena akucheza chapansipansi.

Ineyo zinandionekera pa kaofesi kena komwe ndinkayala mawaya a foni zamkati. Ndinathamangira bokosi lotchipa la waya wa netiweki lolembedwa Cat6, kunja kooneka bwinobwino, koma nditadzapala ndi mpeni mkati mwake mbee, aluminiyamu wongopaka kopa pamwamba, kapotedwe kakenso kaulesi, chonsecho kupotana kwa timawaya tiwiritiwiri tija ndi kumene kumaletsa kudumphako. Sabata isanathe mayi a ku accounts akundiimbira kuti akumamva bwana akukamba za malipiro a anthu pa extension ina. Manyazi ake inu! Ndinazula zonse ndi ndalama zanga.

UTP, waya wa timawaya topotana wopanda chikutiro chachitsulo, ikakhala ya kopa weniweni, kaya Cat5e kaya Cat6, ndilibe nayo mlandu, bola osapyola mamita 100 komanso pomanga pulagi osamasula kupota kuja kupitirira mamilimita 13.

Shielded, waya wokhala ndi chikutiro chachitsulo chotchinga phokoso la magetsi, ndiye ndili nayo mangawa. Wogulitsa amangotchula mtengo wa waya, satchula kuti mufunikanso mapulagi achitsulo, patch panel (bolodi lolumikizirapo mawaya) yakeyake ndi earth (waya wopita m'nthaka) yeniyeni, ndipo popanda earth chikutiro chija n'chokongoletsa chabe, mwinanso chimachita kukoka phokoso ngati eriyo. Nanga earth ya m'nyumba zambiri zomwe timalowamo mukuidziwa, kawaya kongokwiriridwa kuseri kwa khoma basi.

Fiber, waya wa galasi, imayenda ndi kuwala, palibe chodumphira kwa mnzake, koma wakuba waluso akaipinda amatha kutapako kuwalako, ndiye encryption, kubisa uthenga kuti wakuba asathe kuuwerenga, musaileke.

Komanso, si za netiweki zokha. Mu 2017 ofufuza a University of Adelaide anayesa makompyuta ndi ma USB hub (timabokosi tochulukitsa mabowo a USB) oposa 50, oposa 90 peresenti ankatayira siginolo kuchoka pa port (bowo la USB) ina kupita ku yoyandikana nayo, kutanthauza kuti kachipangizo kachilendo komwe mwalowetsa pa port yoyandikana ndi ya kiyibodi katha kumawerenga pasiwedi yanu.

Ine panopa mkati mwa nyumba ndi Cat6 ya kopa, ndipo ndimayamba ndapala kaye ndisanalipire. Pakati pa nyumba ziwiri ndi fiber. Shielded mundiitane pokhapokha waya akudutsa pafupi ndi mota ya chigayo.