Mpanda wa neti, chothira madzi ndi mankhwala a mazira: zimene zikutchingabe agwape patatha miyezi yambiri

M'ndemanga yanga yoyamba ndinafotokoza zinthu zitatu zimene ndinaika pofuna kuteteza dimba la ndiwo zamasamba ndi mitengo ya zipatso kwa agwape a mtundu umene pa Chingerezi amati deer popanda kuwavulaza. Zinthuzo zinali chipangizo chimene chimathira madzi chikamva kuti nyama yadutsa, mankhwala opopera opangidwa ndi mazira owola, ndiponso mpanda wautali wa neti ya pulasitiki. Pa nthawiyo zonse zitatu zinkagwira ntchito, koma ndemanga yolembedwa m'masabata oyamba siuza munthu zambiri pa nkhani ngati imeneyi, chifukwa gwape amaopa chilichonse chachilendo, ngakhale nsanza yopachikidwa pa mtengo, mpaka atazindikira kuti sichimupweteka. Tsopano zinthuzo zapyola nyengo ya msipu wambiri ndiponso nyengo imene kutchire kumakhala kopanda chakudya, ndipo chimene ndingachidalire popanda kukayika ndi mpanda wokha. Zinazo n'zongothandizira, ndipo zimathandiza pokhapokha mwini dimba akamazisamalira mosalekeza.

Munthu asanaweruze kuti njira ina yalephera, ayenera kutsimikiza kuti wowononga mbewuyo ndi gwape. Gwape alibe mano akutsogolo a m'mwamba, motero akafuna kudya nsonga ya nthambi amaipanikiza pakati pa mano a m'munsi ndi nkhama yolimba ya m'mwamba, kenako n'kuikadzula. Pamene wadyapo pamatsala ponyanyuka, pa ulusiulusi, pomwe kalulu amadula mosalala ndi mopendekera ngati mpeni. Kusiyana kumeneku kunandithandiza kwambiri m'miyezi yonseyi, pakuti nthawi zina nyemba zinkadyedwa m'kati mwa mpanda ndipo ndikanauimba mlandu mpandawo, chonsecho olowa anali akalulu. Zizindikiro zina ndi mapazi a ziboda ziwiri zosongoka pa dothi lofewa, ndowe zobulungira zounjikana pamodzi, komanso masamba odyedwa pamwamba pamene kalulu sangafike.

Chipangizo chothira madzi ndicho chinandisangalatsa kwambiri poyamba, ndipo ndicho chinafookanso msanga. Chimalumikizidwa ku payipi ya madzi, chili ndi sensa imene imamva kutentha kwa thupi limene likuyenda, ndipo chikamva chimatulutsa madzi mwamphamvu ndi phokoso kwa masekondi ochepa. Gwape amadzidzimuka n'kuthawa, osavulala paliponse, ndipo pa nkhani ya chifundo palibe choidandaula njirayi. Vuto lake ndi lakuti agwape amakhala ndi dera lawolawo ndipo amayenda m'njira zomwezomwezo, makamaka madzulo kuli chisisira ndi mbandakucha, motero amakumana ndi chipangizocho kawirikawiri mpaka kudziwa pamene madziwo amathera. Patapita masabata angapo mapazi awo anayamba kuoneka m'mphepete mwa malo onyowa, ndipo mbewu zimene zinali kunja kwa malire amenewo zinadyedwa ngati kuti palibe chowaopseza. Ndikachisuntha n'kuchilozetsa kwina chinkayambanso kugwira ntchito kwa kanthawi, choncho amene akufuna kuchigula adziwe kuti akugulanso ntchito yochisuntha pafupipafupi. Chimathiranso madzi pachabe nthambi zotenthedwa ndi dzuwa zikamagwedezeka ndi mphepo, chimanyowetsa mwini dimba akaiwala kuchizimitsa, ndipo batire ikafooka sichichenjeza, chimangokhala chete. Kumene kumazizira mpaka madzi kuundana, chiyenera kuchotsedwa m'nyengo yozizira kuti chisaphulike, ndipo imeneyo ndi nyengo yomwe agwape amakhala ndi njala kwambiri. Pakali pano ndinachiika moyang'ana pa chipata, pamene malo oti chilondere ndi ochepa, ndipo pamenepo chikuthandiza.

Mankhwala a mazira owola anapirira kuposa chipangizocho. Fungo lake silivulaza nyama, limangoichititsa kunyansidwa ndi masambawo, ndipo likauma munthu salimvanso kwenikweni pomwe gwape amalimvabe. Koma mankhwalawa amateteza tsamba lokhalo limene lapoperedwa, ndipo chimene gwape amafuna kwambiri ndi mphukira yanthete imene yatuluka pambuyo pa kupopera. M'nyengo imene mitengo ikukula mofulumira, nsonga zatsopano zimakhala zopanda chitetezo patangopita masiku ochepa, ndipo mvula yamphamvu imatsuka zimene zatsala. Ndinaonanso kuti mphamvu yake imadalira njala ya nyamazo: msipu ukakhala wambiri kutchire, gwape amanunkhiza n'kupitirira, koma kukauma amadya ngakhale masamba onunkhawo. Pa mbewu zodyedwa masamba sindinawagwiritse ntchito, ndipo aliyense awerenge malangizo a pa botolo asanapopere chinthu chimene anthu adzadye. Sopo wonunkhira wopachika m'nthambi ndi tsitsi la anthu, zimene ambiri amalimbikitsa, sizinakhalitse n'komwe. Timibulu tothamangitsira njenjete m'zovala tokha sitiyenera kumwazidwa m'dimba, chifukwa ndi poizoni kwa ana, ziweto ndi nyama zakutchire, ndipo timaipitsa nthaka.

Mpanda ndi wosiyana ndi zonsezi chifukwa sudalira mantha a nyama, ndipo kuzolowera sikuuchepetsa mphamvu. Wanga ndi wa neti yakuda ya pulasitiki yokhuthala, wotalika mamita 2.4, womwe ndi msinkhu umene amalangiza kumene kuli agwape a mitundu ikuluikulu, pakuti gwape wotere akapanikizika amatha kudumpha mpanda wa mamita awiri. M'miyezi yonseyi sindinaone chizindikiro chakuti wina analumpha pamwamba. Onse amene analowa analowera pansi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya mpanda wa neti. Anthu ambiri akamaganiza za gwape amaganiza za kudumpha, koma nyamayi ikakhala kuti palibe choithamangitsa imayenda m'mbali mwa mpanda ikukankha ndi mphuno kufunafuna polobodoka, ndipo mpata umene munthu angauone ngati waung'ono kwambiri umaikwanira kukwawira. Neti yongolendewera mpaka kukhudza nthaka sikwanira. Chimene chinathetsa vutoli ndi kupinda m'munsi mwa neti pafupifupi masentimita 30 kuti igone pansi cha kunja, n'kuikhomerera ndi zikhomo zachitsulo motalikirana pang'ono, makamaka pamene nthaka ili ndi kadzenje kapena pamene madzi a mvula amadutsa. Mvula ikagwa yambiri zikhomozo zimakhwefuka m'dothi lofewa, choncho ndimazungulira mpanda wonse kuziyang'ana nthaka ikangoyamba kuuma.

Akalulu ndi nyama zina zokukuta ndiwo adani enieni a neti ya pulasitiki. Amailuma m'munsi n'kuboola kabowo kawo, ndipo gwape akapeza bowolo amalikulitsa pokankha ndi mutu. Ndinawonjezera waya wa mabowo ang'onoang'ono kuzungulira m'munsi mwa mpanda mpaka cha m'chiuno, ndipo kuyambira pamenepo mabowo atsopano sanaonekenso. Ndikuona kuti ogulitsa neti zoterezi ayenera kunena poyera kuti wayayu ndi mbali ya mpanda, osati chinthu chongowonjezera munthu akafuna. Chakumwamba nako neti imagwa pakati pa mizati ikatenthedwa ndi dzuwa kapena ikalemedwa ndi nthambi yothyoka, ndipo mpanda wa mamita 2.4 ukhoza kutsika ndithu pakatikati mwini wake osazindikira. Waya wolimba wokokedwa kuchokera pa mzati wina kufika pa wina, n'kumangirirapo netiyo, unakonza zimenezi. Netiyo payokha sinafumbutuke ndi dzuwa mpaka pano, koma timalamba tapulasitiki tomangira tinauma n'kuyamba kuduka, ndipo ndinatisintha ndi waya wofewa.

Pali mfundo imodzi imene ndimaiona kukhala yofunika kwambiri kwa amene akunena kuti akufuna njira yachifundo. Neti yakuda imakondedwa chifukwa sionekera patali ndipo siiipitsa maonekedwe a malo, koma chimene sichioneka kwa munthu sichionekanso bwino kwa gwape amene akuthamanga mu mdima. Nyama ikauwomba mpanda ili pa liwiro imang'amba neti, imatha kukodwa miyendo kapena nyanga, ndipo gwape wokodwa amaphupha mpaka kudzivulaza, nthawi zina kufa kumene chifukwa cha kutopa ndi mantha. Ndinamanga timizere ta nsalu yoyera pa msinkhu wa maso a gwape, pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi, motalikirana masitepe ochepa, ndipo ngakhale ena amati tikhoza kuchotsedwa agwape akazolowera, ine ndinatisiya chifukwa chaka chilichonse kumabadwa ana ndipo kumabweranso agwape achilendo amene saudziwa mpandawo. Pa chifukwa chomwechi, neti yopyapyala yotchingira mbalame siyenera kugwiritsidwa ntchito ngati mpanda, ndipo mipanda yachitsulo ya nsonga zakuthwa pamwamba ndi yoopsa kwambiri, pakuti gwape akalephera kuidumpha bwino amabayika.

Chipata ndi pamene mpanda wabwino umalepherera. Chiyenera kutalika mofanana ndi mpanda, chisakhale ndi mpata pansi, ndipo chizitsekeka chokha, chifukwa usiku umodzi wokha chitasiyidwa chotsegula ndi wokwanira kutha mzere wonse wa letesi kapena nsonga zonse za mtengo waung'ono. Gwape akapezeka m'kati, mpanda umene unkamutchinga kunja umasanduka msampha. Kumuthamangitsa kapena kumulozera galu kumangomuchititsa kudziwombetsa pa neti. Chimene chimathandiza ndi kutsegula chipata chonse, kuchoka pamenepo, ndi kumupatsa nthawi yoti apeze potulukira yekha, ndipo amene akumanga mpanda waukulu achita bwino kuika chipata china pa ngodya, chifukwa nyama yosokonezeka imatsata mpanda mpaka kukaima pa ngodya.

Mitengo ing'onoing'ono ya maapozi ndi mapichesi imene ili kunja kwa mpanda ndinaiteteza payokhapayokha ndi waya wozungulira, wokhomeredwa pa mizati iwiri, wotalika pafupifupi mamita 1.5 ndiponso wotakasuka kuti gwape asafike pa nthambi ndi pakamwa. Wayawo unateteza mphukira, koma ntchito yake yaikulu inaoneka m'nyengo imene agwape aamuna amakwechesa nyanga pa mitengo. Nyanga za gwape zimagwa ndi kumeranso chaka chilichonse, zimakula zitakutidwa ndi khungu lofewa, ndipo zikakhwima mwini wake amazikhuza pa timitengo kuti khungulo lichoke komanso kuti asiye fungo lake pamenepo. Amasankha mitengo yowonda imene imapindika, ndendende msinkhu wa mtengo wa zipatso wobzalidwa kumene. Masamba odyedwa amaphukanso, koma makungwa akasendeka kuzungulira thunthu lonse, chakudya chopangidwa m'masamba sichitsikanso kupita ku mizu ndipo mtengowo umafa. Mankhwala opopera sathandiza pa vutoli chifukwa nyamayo sikudya. Mitengo yanga yonse ya m'mawaya inapulumuka, pomwe timitengo tachilengedwe ta pafupi tinasendedwa. Wayawo ufunika kuusuntha mtengo ukamakula, ndipo udzu womera m'kati mwake uyenera kuzulidwa chifukwa mbewa zimabisalamo n'kumakukuta makungwa m'munsi.

Za mbewu zimene amati agwape sadya ndinenepo mwachidule. Adyo, anyezi, lavenda ndi rozimere sanazikhudze, koma kuzibzala mozungulira maluwa a rozi kapena sitiroberi sikunateteze chilichonse, chifukwa gwape amangozilambalala n'kudya chimene wadzera. Chimene chinathandiza koposa ndi kutola zipatso zakugwa tsiku lililonse, pakuti fungo lake limaitana nyama kuchokera kutali. Kuwaikira chakudya kumbali n'cholinga choti asiye dimba kumangowachulukitsa, kumawazoloweza kukhala pafupi ndi nyumba pamodzi ndi nkhupakupa zawo, ndipo kumafalitsa matenda pakati pawo akamadyera malo amodzi. Kuwagwira n'kukawataya kutali nakonso kumamveka ngati chifundo, koma ambiri mwa agwape osamutsidwa motero amafa chifukwa cha kupanikizika kwa kugwidwa ndi kusadziwa malo atsopano, ndipo m'mayiko ambiri lamulo sililola munthu wamba kuchita zimenezi. Mwana wa gwape akapezeka atagona yekha mu udzu pafupi ndi mpanda asiyidwe pomwepo, chifukwa mayi wake amamubisa dala n'kumabwera kudzamuyamwitsa.

Amene ali ndi kamunda kakang'ono ka maluwa kumene agwape amangodutsa mwa apo ndi apo angakhutire ndi mankhwala a mazira ndi chothira madzi, malinga akhale wokonzeka kupopera mvula ikangosiya ndi kusuntha chipangizocho kawirikawiri. Amene akulima chakudya kapena wabzala mitengo imene adzaidikira zaka kuti ibereke ayambe ndi mpanda, ndipo poyerekeza zimene adzawononge awerengeretu waya wa m'munsi, waya wa pamwamba, zikhomo ndi chipata. Kumene mpanda wautali chotere suloledwa kapena ukutchinga kwambiri, mipanda iwiri yaifupi ya mamita 1.2 mpaka 1.5, yotalikirana mofanana ndi msinkhu wake, imagwiranso ntchito, chifukwa maso a gwape ali m'mbali mwa mutu ndipo sayeza bwino kutalika kwa mtunda, motero amazengereza kudumpha pamene sakuona potera pabwino. Njira imeneyi imadya malo ambiri ndipo udzu wa pakati pa mipandayo umafuna kutchetcha, koma ndi imene ndidzagwiritse ntchito pokulitsa munda wa zipatso cha kumbali kumene kuli malo okwanira.