Tinakweza azakhali kandege pa bwalo la Mzuzu: zomwe ndinaona pa kampani yomwe inatinyamula

Azakhali anga anagwa pa miyala kwawo ku Likoma n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anachitidwa opaleshoni kuno ku Mzuzu, ndipo atatulutsidwa m'chipatala anakhala kwanga ku Chibavi miyezi iwiri. Atayamba kuyenda ndi ndodo, mtima wawo unali kale kuchilumba. Vuto linali mayendedwe. Aliyense amene anakwerapo Ilala akudziwa chomwe ndikunena: minibasi yotsetsereka mpaka ku Nkhata Bay, kudikira padoko, kupanikizana pakati pa matumba ndi mabeseni, masitepe a m'sitimamo. Munthu wa zaka zoposa 70 wokhala ndi chitsulo m'chiuno sakanapirira zimenezo. Tinasonkherana ndi ana awo, amene ali ku Joni anatumiza gawo lalikulu, ndipo tinalipira mipando iwiri pa kandege ka kampani ina yomwe nthawi zambiri imanyamula alendo opita kunyanja. Ndalama yake ndi yowawa, sindibisa. Koma ndikulemba izi chifukwa cha momwe anatisamalira tisananyamuke, pabwalo penipenipo.

Ndinapita ndili ndi mantha. Ife a ku Mzuzu sitinaiwale tsiku la 10 Juni 2024, pomwe ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 yomwe inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, malemu Saulos Chilima, inalephera kutera pabwalo lomweli chifukwa cha nyengo, n'kukapezeka mawa lake itagwa m'nkhalango ya Chikangawa, anthu onse 9 atamwalira. Tsiku limenelo kunali chifunga chomwe timachidziwa bwino, chija chimatsika kuchokera ku mapiri a Viphya n'kuphimba mzinda wonse mpaka osaona nyumba ya mnzako. Ulendo wathu unalinso m'nyengo yozizira, ndipo titadzuka mmawa umenewo chifunga chinali chomwecho.

Anatiuza kuti tifike 7 koloko, ndipo tinafikadi. Pakhomo apolisi anationa ziphaso za unzika, anatsegula zikwama, n'kutilozera pokhala. Patapita kanthawi woyendetsa ndegeyo anabwera yekha kudzatiuza kuti sitinyamuka mpaka kuyere. Sanatume munthu. Anati kandege kake kamayenda iye akuona pansi ndi mapiri ndi maso ake, ndipo ngati sakuona nsonga za mitengo ya kumapeto kwa bwalo, injini saliza. Mlendo wina yemwe timayenda naye anayamba kung'ung'udza kuti walipira ndalama zambiri ndipo nthawi yake ikutayika. Woyendetsayo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anabwerezanso mawu omwewo, osakweza mawu, osapepesa mopitirira. Ine pamenepo ndi pomwe mtima unayamba kukhala pansi. Tinadikira maola atatu, ndipo sindinadandaule ngakhale mphindi imodzi.

Tikudikira choncho anatikweza pa sikelo, aliyense payekha, kenako katundu. Azakhali anali atalongedza ngati akusamuka: thumba la ufa wa mgaiwa, nyemba za ku Jenda, shuga, sopo, ndi kabotolo ka palafini komwe anakulunga m'chitenje. Palafiniyo anakana nthawi yomweyo, pamodzi ndi mabokosi a machesi. Pawabanki yanga anandiuza kuti ndiichotse m'chikwama chopita kumbuyo ndiisunge m'manja, chifukwa batire yamtunduwu ikatentha n'kuyamba kufuka iyenera kukhala pomwe munthu angaione. Zimenezi sizinavute. Chomwe chinavuta ndi ufa. Mayi wina wa kampaniyo, wovala jekete yonyezimira, anagwada pafupi ndi azakhali n'kunena kuti, "Agogo, thumba ili litsale. Ndegeyi ndi yaing'ono, ikalemera imachedwa kudzuka." Azakhali anati, "Mwanangu, ufa womwewu ungalepheretse chindege chonsechi?" Mayiyo sanaseke. Anafotokoza kuti Mzuzu ali pamtunda, mamita oposa 1,200 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa pamtunda ndi wopepuka, choncho mapiko ndi injini sizigwira mwamphamvu ngati kunsi kunyanja. Msewu wothamangapo ndege pano ndi waufupi, ndipo kumapeto kwake kuli nyumba za anthu. Makilogalamu owonjezera amatanthauza kuti ndege ithamanga mtunda wotalikirapo isanachoke pansi. Azakhali anagwedeza mutu, ufa unatsala. Ndinakondwa kuti munthuyo anawalemekeza powapatsa chifukwa, osangoti ndi lamulo.

Chomwe sindidzaiwala chinachitika cha m'ma 10 koloko. Kunja kutayamba kuyera, anatitulutsa kuti tiyambe kupita ku ndege, azakhali ali pakati pa ine ndi mayi uja. Titayenda pang'ono, wailesi yake ya m'manja inalankhula, ndipo iye anaima n'kutambasula dzanja kutsogolo kwathu. "Tibwerere mkati, kukubwera helikopita." Ine sindinamve kalikonse, kumwamba kunali zii. Tinabwerera, ndipo tisanakhale n'komwe phokoso linafika.

Bwalo la Mzuzu ndi laling'ono, ndipo malo oimikapo ndege ndi amodzi omwewo. Helikopita ikafuna kutera imabwera pafupi ndi pomwe tindege tating'ono taima. Ndinkaona pawindo. Mphepo yomwe imachokera ku mapiko ake aakulu aja imakankhira pansi n'kumwazikira mbali zonse, ndipo udzu wonse unagona, fumbi ndi timiyala zinauluka, jumbo ina yakuda inakwera m'mwamba ngati khwangwala. Kandege kathu kanagwedezeka mapiko. Ndiye ndinazindikira chifukwa chomwe woyendetsa wathu anathamangira kukatseka zitseko zake ndi kuonetsetsa kuti matayala ndi otsekerezedwa ndi timatabwa. Pambuyo pake anandiuza kuti mphepo ya helikopita yaikulu ingathe kupinda chitseko chosiyidwa chotsegula, ngakhale kutembenuza kandege kopepuka. Tikanakhala panja, azakhali ndi ndodo yawo ija akanagwa, ndipo miyezi iwiri yonse ya kuchira ikanapita pachabe.

Helikopitayo itatera, mapiko anapitiriza kuzungulira kwa mphindi zingapo. Mayi uja anagwiritsa ntchito nthawi imeneyi kutilangiza, ndipo mawu ake ndikuwalemba pano chifukwa ambiri a ife sitinauzidwepo, chonsecho helikopita zimatera m'mabwalo a mpira m'midzi mwathu nthawi ya misonkhano ndi ya madzi osefukira, ana n'kumathamangira. Anati choopsa kwambiri si mapiko aakulu a pamwamba omwe aliyense amawaona, koma kakang'ono ka kumchira. Kakamazungulira sikaoneka bwino, kali pa msinkhu wa mutu wa munthu, ndipo woyendetsa sangaone zomwe zikuchitika kumbuyo kwake. Choncho kumchira sikupitidwa, zivute zitani. Munthu amayandikira kuchokera kutsogolo kapena cham'mbali komwe woyendetsa akumuona, ndipo pokhapokha iye atakodola. Amayenda chowerama, osanyamula kanthu pamutu kapena paphewa, ambulera ndi ndodo zili chogona. Ngati malowo ndi otsetsereka, amabwera kuchokera kumunsi, chifukwa kumtunda mapiko amayandikira pansi. Ndipo chipewa kapena duku ikauluka, isiyeni ipite. Anabwereza kawiri: "Duku mugula ina, amayi." Kenako anamanga yekha duku ya azakhali pansi pa chibwano, n'kundiuza kuti chitenje changa ndichimange mfundo m'chiuno.

Za kandege kathu ananenanso chimodzimodzi: pulopela ya kutsogolo siyandikiridwa ngakhale injini ili yozima, ndipo palibe kujambula zithunzi utaima pamphuno pake. Mlendo uja anali atatulutsa kale foni, anaibweza m'thumba.

Mapiko a helikopita ataima ndipo anthu ake atachoka, sitinatuluke nthawi yomweyo. Mayi uja ndi mnyamata wina anayenda pang'onopang'ono kuzungulira kandege kathu akuyang'ana pansi, n'kumatola timiyala, chitsekerero cha botolo, ndi jumbo ija. Kamwala kakang'ono kakakokedwa ndi pulopela kamasema chitsulo kapena kuulukira munthu. Woyendetsa naye anazungulira ndege yake kachiwiri, ngakhale anali ataiyendera kale mmawa, ndipo ndinamuona akutsitsira mafuta pang'ono m'kabotolo koonekera n'kukayang'ana padzuwa. Nditafunsa anati akuona ngati mulibe madzi, chifukwa usiku wozizira wa chinyezi umatha kusiya madontho m'thanki, ndipo madziwo amakhala pansi pa mafuta.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse, chifukwa zilipo. Choyamba, kampaniyo inalibe njinga ya odwala, ngakhale ndinanena polipira kuti ndikubwera ndi munthu wochitidwa opaleshoni. Azakhali anayenda mtunda wonsewo ndi ndodo, kawiri, chifukwa cha kubwerera kuja, ndipo pokwera tinachita kuwanyamula anthu atatu popeza kapondero kake ndi kakang'ono komanso kali m'mwamba. Anatuluka thukuta ndi ululu, sanalire chifukwa ndi munthu wolimba mtima. Kanthu kongoponderapo kamatabwa kakanathandiza kwambiri, ndipo sikadula.

Chachiwiri chinandipweteka kwambiri. Titakhala m'ndege, woyendetsa anafotokoza za malamba, za khomo lotulukira pangozi, ndi za majekete oyandamitsa omwe ali pansi pa mipando, popeza gawo lalikulu la ulendowu ndi pamwamba pa madzi. Zonsezi ananena m'Chingerezi, mothamanga, akuyang'ana mlendo uja. Azakhali amalankhula Chinyanja cha kuchilumba, ndipo anangoti duu. Ndinakweza dzanja n'kupempha kuti adikire ndiwamasulire, ndipo anadikira mwaulemu, koma bwanji ndikanakhala kuti palibe? Munthu amene wakhala pafupi ndi khomo ayenera kudziwa kulitsegula. Ayeneranso kudziwa kuti jekete ija safufumitsa ali mkati, chifukwa ingamulepheretse kutuluka. Mayi wa pansi uja analankhula nafe m'chilankhulo chathu ndipo tinamva zonse. Kampaniyo ikanangomulola kukwera mphindi ziwiri kudzanena zomwezo tisanatseke chitseko, kapena kusindikiza kapepala m'Chichewa ndi m'Chitumbuka.

Chachitatu ndi chaching'ono: iwo anadziwa kuyambira mbandakucha kuti kuli chifunga. Foni imodzi ikanatipulumutsa ku maola atatu a pa benchi lozizira ndi munthu wodwala.

Pali chinanso chomwe si cha kampani, ndi chathu ife okhala mozungulira bwaloli. Bwalo lili pakati pa mzinda, ndipo ambiri timaliona ngati chigwa chotchinga njira yathu yopita kumsika. Inenso ndinadutsapo chidule kangapo ndili ndi dengu pamutu, ndikudziuza kuti ndege sizibwera kawirikawiri ndipo ikamabwera ndiimva. Tsiku limeneli ndinaona kuti si zoona. Helikopita ija wailesi inaidziwa ine ndisanamve kanthu, ndipo kandege kakamatsika kudzatera injini yake imakhala yotsitsidwa, sikasokosa. Titafika kumapeto kwa msewu kuti tiyambe kuthamanga, woyendetsa anaima nthawi ndithu, akulankhula pa wailesi. Ndinasuzumira ndipo patali ndinaona mlonda akukupiza manja, akubweza bambo wina wa njinga yodzaza makala. Kuchokera pampando umenewo munthu amaoneka ngati kachitsotso. Ndege ikafika pa liwiro lonyamukira singakhote ngati galimoto, ndipo mabuleki ake sangaimitse pomwepo. Amene angafe si wanjinga yekha, ndi onse ali mkatimo. Kuyambira tsiku limenelo ndimazungulira, ndipo ana anga ndinawaletsa, ngakhale njira yake imawonjezera nthawi.

Kodi ndingawauze ena kuti akwere ndi kampaniyi? Inde, makamaka amene ali ndi wodwala kapena wokalamba yemwe sangathe ulendo wa pamadzi. Koma imbani kawiri kutsimikiza za njinga ya odwala, musanyamule katundu wambiri, valani zothina bwino osati zouluzika, ndipo ngati wokwerayo samva Chingerezi, umirirani kuti wina amufotokozere m'chilankhulo chake chitseko chisanatsekedwe. M'miyezi ya Juni ndi Julayi musapangane ndi munthu ola lenileni lofikira, ndipo tengani juzi ndi tiyi m'fulasiki.

Ulendo weniweniwo unali wa pafupifupi theka la ola. Tinadutsa pamwamba pa mapiri obiriwira otsikira ku Nkhata Bay, kenako madzi okhaokha, Chizumulu chili apo, mpaka denga la tchalitchi chachikulu cha St Peter's linaonekera pakati pa milambe. Azakhali anagwira dzanja langa njira yonse, koma maso ali pawindo, akutchula mayina a magombe omwe ankachapirako ali mtsikana. Thumba la ufa lija ndinalitumiza sabata yotsatira pa Ilala ndi mwana wa achimwene, pamodzi ndi kabotolo ka palafini.