Ndemanga ya ulendo wokhala ndi wotiperekeza ku mathithi a Mosi-oa-Tunya

Ndinakaona mathithi a Victoria, mbali ya Zambia, m'mwezi wa Epulo pamene mtsinje wa Zambezi umakhala utadzaza, ndipo ndinalipira kampani ina ya m'tauni ya Livingstone kuti itinyamule pa galimoto ndi kutipatsa munthu wotiperekeza. Galimoto inafika pa nthawi yake, ndipo tisanathe n'komwe mtunda wa makilomita pafupifupi 10 wochokera m'tauni, tinayamba kuona nthunzi itaima m'mwamba ngati utsi wa tchire likamapsa.

Wotiperekezayo ntchito yake ankaidziwa. Anatifotokozera kuti dzina lakuti Mosi-oa-Tunya limatanthauza utsi wogunda ngati bingu, komanso kuti David Livingstone, atafika pamalopa mu Novembala 1855, ndi amene anawatcha dzina la mfumukazi ya ku Britain. Anatinso mathithiwa ndi otambalala mamita 1,708 ndipo madzi amagwa kuchokera pamtunda wa mamita 108, koma manambalawo sanandilowe m'mutu kufikira titaponda pa kamlatho ka Knife-Edge, kamene kali moyang'anizana ndi mathithiwo. Pamenepo madzi samangochokera kumwamba ngati mvula, amatulukiranso pansi, chifukwa mphepo ya m'phompho imawaponya m'mwamba, ndipo mkokomo wake ndi woti munthu amene mwagundana naye mapewa akamalankhula mumangoona milomo ikugwedera. Jasi la mvula limene anandibwereka linangokhala lodzitonthozera mtima, pakuti madzi analowera m'khosi n'kukadzaza m'nsapato. Foni yanga inapulumuka chifukwa bamboyo anatiumiriza kuti tikulunge mafoni m'matumba a pulasitiki tisanayandikire, ndipo pa chimenechi ndimamuthokozabe.

Chimene sichinandisangalatse n'chakuti polipira sanatiuze kuti m'nyengo imeneyi nthunzi imaphimba mathithiwo, moti mumawaona mwa apo ndi apo mphepo ikatembenuka. Zithunzi zanga zambiri n'zoyera ngati pepala, kupatula chimodzi chimene chinagwira utawaleza. Wofuna kuona matanthwe ndi kuya kwa phompho ayenera kusankha mwezi wina, ngakhale kuti chakumapeto kwa chilimwe, mu Okutobala ndi Novembala, mbali ya Zambia imatsala pang'ono kuuma.

Wotiperekezayo anatithamangitsanso kwambiri. Ndinkafunitsitsa kutsikira ku Boiling Pot, kumene madzi amazungulira mwaukali ndipo mlatho wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe, umene unamalizidwa mu 1905, umaonekera m'mwamba, koma anati gulu lina likuwadikira. Amene akufuna kutsikako afunsiretu asanalipire ngati njira yotsetserekayo ili pa ndondomeko ya ulendo, ndipo avale nsapato zosaterera.

Chenjezo la wotiperekezayo lokhudza anyani ena a ife tinaliyesa nthabwala, mpaka pamene nyani wina anatsomphola thumba la zakudya m'manja mwa mayi amene anali patsogolo panga, n'kukakhala pamwala chapafupi pomwepo kumalimasula mosatekeseka.